Phoso la ku Maniamba

Mutu 4

1. Ntchito ya miyendo

Chaka chimene Hezekiya anamaliza sukulu ya ku mishoni, anzake ambiri anabwerera ku ukonde ndi nkhafi. Iye ayi. Anapeza ntchito pa loja ya a Sudi ku Metangula, sitolo ya malata imene inkagula phula la njuchi kwa anthu a kumapiri.

Masiku amenewo dziko la kuno linali m'manja mwa Kampani ya Nyasa. Katundu ankayenda pamutu pa munthu kapena pa jahazi, ngalawa yoyendera thanga, basi.

A Sudi anali atakula, mawondo osalolanso zitunda. Ankafuna mnyamata wodziwa kuwerenga sikelo, woti azikwera ku Maniamba ndi amtengatenga kukasinthitsa nsalu ndi phula. Atamuona Hezekiya anamukonda, ndipo anamuika kukhala kapitawo, ndiye kuti mtsogoleri wa ulendo.

Inu, ntchito imeneyi inali ndi zokoma zake. Kapitawo ankalandira jekete la kaki la matumba akuluakulu, ndi ambulera yakuda. Jahazi ya a Sudi ikamapita ku Lunho ankakwera ulere, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi woyendetsa, osati pa matumba a usipa. Akabwera ku ulendo ankamwa tiyi wa shuga pakhonde la loja, anthu akudutsa n'kumamuona.

Kwawo ku Nkholongwe ana ankamuthamangira kuti angogwirako ambulera ija. Amayi ake ankawakalipira kuti aithyola, koma nawonso ankaitsegula m'nyumba anthu akachoka.

Koma chachikulu pa zonse chinali phoso.

Phoso linali nsalu ndi mchere zimene a Sudi ankapereka ulendo uliwonse, pambali pa katundu wamalonda. Ntchito yake inali imodzi, kugulira chakudya kapitawo ndi anthu ake m'njira. Kumapiri mchere unali wosowa. Ukatulutsa wodzaza chikhatho, mayi ankakutapira ufa mosawerengera.

Ndipo phoso likaperewera, kapitawo n'kuonjezapo zake, pobwera ankangonena, a Sudi n'kumubwezera. Sankafunsa mboni. Ankati munthu amene wamusungitsa katundu wa loja sangamukayikire pa nkhani ya chakudya.

2. Nzeru za a Amisse

Mkulu wa amtengatenga anali a Amisse, bambo wa khosi lolimba ndi pakamwa posatopa. Njira ya ku Maniamba anali ataiyenda ndi akapitawo ambiri Hezekiya asanabwere.

Pa ulendo woyamba, atapumula pamthunzi wa msuku, a Amisse anasendera pafupi.

"Akapitawo, kodi ku sukulu kuja anakuuzani kuti phoso amadya?"

"Nanga amatani nalo?" anafunsa Hezekiya.

"Amasunga! Wodya phoso ndi munthu wopanda abale. Inu mulibe mlongo kumapiri kuno?"

"Alipo achemwali anga a Yuniya. Anakwatiwa ndi a Hosea, kufupi ndi Maniamba."

A Amisse anaomba m'manja, natembenukira anzawo atatu onyamula nawo katundu. "Mwamva? Mwana uyu ndi wolemera koma sakudziwa. Tikafika kwa achemwali tikadya monga alendo. Munaonapo munthu akugula chakudya kwa mlongo wake? Nsalu ya phoso tidzagawana pobwerera, theka lanu, theka lathu. A Sudi sataya kanthu, poti iwo anapereka kale. Ife tikhuta. Achemwali aona mlongo wawo. Ndiye walira ndani?"

Hezekiya anafunafuna wolira, osamupeza.

Zinayenda monga ananenera a Amisse. Yuniya anawalandira ndi nthungululu. Anawaphera nkhuku, anawagoneka m'gowelo, m'mawa n'kuwapatsa mbatata za m'njira. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatunso.

Pa ulendo wachitatuwo a Amisse anaonjezera phunziro lina. "Mukafika ku loja mukanene kuti wina anadwala m'njira, ndiye tinamugulira nkhuku ndi nsalu yanu."

Atafika ku loja, Hezekiya ananenadi. A Sudi sanadzutse n'komwe mutu. Anangoyeza mkwamba wa nsalu yoyera ya merikani, kuchokera chala ichi kufika chala icho, n'kung'amba, n'kumupatsa.

Nsalu zinayamba kuunjikana m'bokosi la Hezekiya. Iye anali ndi chimene ankazisungira. Pa alumali ya loja panali nsapato zachikopa zofiirira, zolira kwii ukazipinda. A Sudi anali atavomera kumusungira. Kunatsala ulendo umodzi kuti zikhale zake.

3. Amalume a Timoteo

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Hezekiya anadzera kwa amalume ake a Timoteo kukatsazika. Anawapeza akumata ming'alu ya bwato lawo ndi tizisanza, akukhomera ndi kampeni kobuntha.

"Khala apo, mphwanga," anatero osasiya ntchito. "Dzulo kunabwera amayi a ku Maniamba kudzasinthitsa fodya ndi usipa. Andiuza nkhani ya mlongo wako. Sinandikomere."

"Akudwala?"

"Sakudwala. Akudwalitsidwa ndi iwe."

Hezekiya anaseka, koma amalume sanaseke. Anaika kampeni pansi.

"Tamvera. Kuno kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga nyumba kwa mkazi. Mayi ako ali pamudzi pawo, munda ndi wawo, nkhokwe ndi yawo. Iwe ukabwera ndi anzako khumi, mayi ako atapa, palibe wowafunsa. Ndiye iwe wakula ukuganiza kuti nyumba ya mlongo paliponse ili choncho.

"Yuniya sali pawo. Yuniya anatengedwa, ali ku chitengwa. Nkhokwe imene amatapamo ndi ya apongozi ake. Nkhuku imene amakuphera si yake. Ngakhale mpeni wophera uja amachita kubwereka. Iweyo ukamatsuka m'manja, kuseri kuli maso akuona chimene chatuluka m'nkhokwe, ndipo mlandu wake sugwera iwe. Iwe m'mawa umatsegula ambulera n'kumapita. Amatsala ndi mlandu ndi Yuniya.

"Ine katundu ndinanyamulapo, nthawi ya nkhondo ya Ajeremani. Ndinayenda mpaka zikhadabo za kuphazi zinachoka. Chimene sindiiwala si kulemera kwa katundu. Ndi midzi. Poyamba anthu ankatichingamira ndi madzi. Kenako, akangomva nyimbo ya amtengatenga patali, amayi ankanyamula ana ndi nkhuku n'kuthawira kuthengo. Tinkapeza moto ukufuka, munthu osaoneka. Sitinali akuba, mphwanga. Tinali anthu anjala odya osasiya kanthu. Kwa mwini nkhokwe kusiyana kwake n'kochepa.

"Ndipo taona mwezi uno. Mvula yangoyamba, mbewu zili m'nthaka, nkhokwe zikuoneka pansi. Kuno tili ndi nyanja, tikasowa timakoka. Kumapiri akoka chiyani? Nsalu ndi mchere zimene amakupatsa a Sudi si malipiro ako. Ndi za amene wakudyetsa. Ukazisunga ndiye kuti wadya kawiri."

Hezekiya anakonza kolala ya jekete. "Amalume, achemwali sanadandaulepo. Nthawi zonse amatilandira akuseka."

"Umafuna akulandire akulira pamaso pa apongozi ake?"

"Ulendo uno wokha, amalume. Ukatha uno ndisiya."

A Timoteo anatola kampeni kawo. "Pita bwino. Moni kwa mlongo wako, ngati ukamupeze akadali komweko."

4. Pamphepete pa munda

Ananyamuka jahazi ya a Sudi itangofika padoko. "Musachedwe," anatero a Sudi. "Jahazi iyi ikudikira phula lanu, ndipo woyendetsa wake sadikira munthu mphepo ikakoma."

Njira inali yoterera. Anakwera zitunda, nyanja ikucheperachepera kumbuyo mpaka inangokhala ngati nsalu yoyanika. A Amisse ankayimba, anzawo akuvomera. Phoso linali m'kathumba kake, kolendewera paphewa la Hezekiya.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, anatulukira m'minda ya mudzi wa a Hosea. Chimanga chinali chisanafike n'komwe m'mawondo. Pamphepete pa munda wina mayi anali atawerama, akuthyola bonongwe, mwana ali kumbuyo. Anali Yuniya.

Ataweramuka anaona ambulera. Koma maso ake sanaime pa mlongo wake. Anadumpha phewa lake n'kuyamba kuona anthu amene anali kumbuyo. Nthungululu panalibe.

"A Amisse, tsogolani mukapumule pamtengo uwo," anatero Hezekiya. "Ndikupezani."

Atatsala awiri, Yuniya anamasula mwana n'kumukhazika pansi. Anali Lea, mwana wake woyamba, wongoyamba kumene kulankhula. Hezekiya anamunyamula ndipo anadabwa kupepuka kwake. Tsitsi la mwanayo linali litayamba kufiira m'mbali. M'dzanja anali atafumbata kachidutswa ka chinangwa chouma chimene ankangoyamwa.

"Achemwali, mwanayu watani?"

"Watani? Ukufunsa ine?" Yuniya anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Iwe Hezekiya, ndinakubereka kumsana kuno ine, ndiye ndikuuza mosabisa. Tsiku lija munadya kuno, Lea ndi ana a alamu anga anakhala kuseri kwa nkhokwe kudikira makombo. Mbale zinabwera ngati zatsukidwa. Ana anagona ndi madzi. Nkhuku ija inali thadzi la apongozi, linkaikira. Ndinaipha chifukwa panalibe ina, ndipo sindikanakupatsa masamba pamaso pa anthu ako."

Hezekiya anayang'ana pansi. Nkhuku imeneyo ndi imene a Sudi anamubwezera mkwamba wa merikani.

"Apongozi ananena," Yuniya anapitiriza. "Anati, a kunyanja akadzabweranso ndi gulu lawo, ukawaphikire, poti mlendo sitibweza. Koma akamatsika, iwenso utsike nawo, ukadye nsomba za kwanu. A Hosea anayesa kundiikira kumbuyo, koma nkhokwe si yawo."

"Ndiye ndilipira. Tikadya ndiwapatsa nsalu."

"Ulipire ndani? Kuno si ku loja! Ukatulutsa nsalu mutadya, adzati wawasandutsa ogulitsa chakudya pamsika. Pamenepo sindidikira n'komwe m'mawa."

"Chabwino, tingopitirira. Tikagona kutsogolo."

"Ndimafuna ndikuuze zomwezo. Koma taona uko." Analoza ndi mlomo. Pachulu panali ana, akuloza ambulera n'kumathamangira kumudzi. "Akuonani kale. Ukadutsa osalonjera, mawa mudzi wonse unena kuti a kunyanja adana ndi banja la a Hosea. Wondifunsa adzakhala yemweyo."

"Nanga nditani, achemwali?"

"Kaya. Wa sukulu ndiwe."

Lea anagwira batani la jekete n'kuyamba kulikoka.

"Kodi inu mukamabwera kwathu kunyanja," anafunsa Hezekiya pang'onopang'ono, "dengu lanu mumatani nalo?"

"Ndimatula pakhomo ndisanakhale pansi. Munthu umalowa ndi chimene wanyamula, chakudya chisanapse n'komwe. Chimenecho si malipiro, ndi ulemu." Maso a Yuniya anapita pa kathumba ka paphewa. "Koma izo si za bwana wako?"

"Anandipatsa kuti zipite kwa amene watidyetsa. Ine ndi amene ndinkazikhotetsa."

"Nanga anthu akowo avomera?"

Hezekiya anamubwezera mwana. "Tsogolani, achemwali. Mukayale mphasa."

5. Pamphasa

A Amisse analowa m'mudzi akununkhiza m'mwamba. "Anyamata, mukumva? Kuno nkhuku zimatidziwa. Zikationa zimayamba kutsazikana!" Anzawo anaseka, koma anthu a pamudzi sanaseke nawo.

A Hosea anatuluka n'kulandira katundu monga mlamu wabwino, nkhope ili yolemera. Alendo anakhala pamphasa. Patapita kanthawi anatuluka amayi awo a Hosea, a Mwanaheri, mayi wamfupi wa ndolo pamphuno. Anakhala chapatali, miyendo atatambasula.

"Mwayenda bwanji a kunyanja?"

"Tayenda bwino, amayi, kaya inu kuno?"

"Ife tilipo. Tikuonera mvula." Anatembenuka. "Yuniya, alendo ako afika. Ukudziwa chochita."

Yuniya anadzuka. Koma asanafike kukhitchini, Hezekiya ananyamuka pamphasa, napita kukanjuta patsogolo pa a Mwanaheri. Anavula kathumba kaja n'kumasula. Anatulutsa nsalu yonse ya phoso, yoyera ndi yabiriwita, naiika pansi. Anatulutsanso mchere wonse, wokulunga m'chikopa, nauika pamwamba pake. Kenako anakutumula kathumba kuti aliyense aone kuti simunatsale kanthu.

"Amayi," anatero akuomba m'manja, "takhala tikulowa pakhomo pano chimanjamanja ngati ana osalangizidwa. Wolakwa ndine, si achemwali anga. Lero sitinamwe ngakhale madzi anu, ndiye ichi si mtengo wa chakudya. Ndi katundu wa mlendo. Tatula."

Kumbuyo a Amisse anatsokomola mwamphamvu. "Akapitawo, dzuwa lakuwombani kapena?"

Hezekiya sanacheuke.

A Mwanaheri sanafulumire. Anamasula chikopa, ananyowetsa chala, anagusa mchere n'kulawa. Anatambasula nsalu yabiriwita, naikoka uku ndi uku kuona ngati inali yolimba. Ndiye anamuyang'ana mnyamatayo.

"Bambo, khalani bwino pansi, ndikuuzeni. Inu mukuganiza kuti ine ndine mayi woumira. Anthu otsika kunyanja anakuuzani choncho, ndikudziwa. Ine pakhomo pano ndadyetsa anthu osawerengeka. Osaka njuchi agona pano. Opita kukakhoma msonkho agona pano. Wina ankasiya kachisa ka uchi, wina kafodya, wina wopanda kanthu ankatola nkhwangwa m'mawa n'kundiwazira nkhuni asanapite. Sindinawerengerepo munthu. Chimene ndinkaona n'chakuti wandiona kuti nanenso ndine munthu.

"Koma inu munkabwera ndi jekete, ambulera ili pamwamba. Kathumba ako ndinkakaona, bambo. Kankalowa kotupa, n'kutuluka kotupa. Mchere ndinkaumva fungo ndikudya masamba osakoleretsa. Ndiye ndinkati, anthu awa akutiyesa ife nyani wa m'phiri, woti nkhokwe yake ndi ya aliyense. Ndipo ndinkati, ngati mlongo wake ali wotere, mkazi amene watilowera m'nyumbayu mtima wake uli kuti? Uli kuno kapena uli kwawo?

"Mwana mukamayenda maulendo a anthu olemera, samalani. Amakuvekani jekete, inu n'kuyamba kuona midzi ngati malo ongogonapo. M'midzimo muli ana. Mukamadya muzimvetsera kuseri kwa nkhokwe."

"Ndamva, amayi."

"Mwamva lero. Tidzaona ulendo wamawa." A Mwanaheri anakulunga mchere uja n'kuuika pamiyendo. Kenako anakweza mawu osatembenuka. "Yuniya!"

"Wawa, amayi."

"Mphasa yako ndi mtsuko wako ndinazimanga ndi luzi pamene ana anabwera kudzanena za ambulera. Zili kuseri kwa chitseko changa. Kazitenge, ukamasule. Luzilo undibwezere, ndi lomangira mbuzi."

Yuniya anagwada pomwepo. A Hosea anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo.

"Iwe Hosea, usangoti kukamwa yasa. Tapa mchere pang'ono upite kwa amake Shufaa, ali ndi ufa wa chinangwa. Nkhuku lero kulibe. Alendo adya bowa, ndipo ayamba ndi ana."

Zinaterodi. Ana anadya poyamba, pamaso pa alendo, chinthu chimene a Amisse anati sanachionepo chibadwire. Lea anakhala pamiyendo ya agogo ake, akunyambita kamchere kamene anamuika pachikhatho, nkhope akuikwinya koma osasiya.

Hezekiya anadya bowa wake mpaka anakhuta. Nsapato zofiirira zija zinali zitabwerera kutali, koma tsiku limenelo sanazitchule.

6. Mitolo isanu

Malonda anayenda bwino. Anthu a midzi yozungulira anabwera ndi phula lawo, Hezekiya akuyeza pasikelo, iwo akusankha nsalu. Phula linachuluka kuposa maulendo onse, mpaka mitolo inakwana isanu, onyamula ali anayi. Anagwirizana kuti wachisanuwo augawe pamwamba pa inayo. Nsalu yamalonda inatsalako pang'ono, ndipo Hezekiya anaimanga payokha kuti akaibweze ku loja.

M'mawa wa tsiku lobwerera, Yuniya anawakonzera chinangwa chootcha cha m'njira. A Mwanaheri anaonjezapo mtedza wa m'manja awiri. Atatsazikana, Hezekiya anapita kumene kunali katundu, kunja kwa mudzi.

Anapeza amtengatenga onse atakhala pamitolo, miyendo atapiringiza. Mtolo wachisanu unali pambali, osaugawa.

"Tiyeni, a Amisse. Kumwamba kukuda."

"Tikupita kuti, akapitawo?"

"Kunyanja. Jahazi ikudikira."

"Idikire." A Amisse anatulutsa fodya n'kuyamba kupichira mosafulumira. "Inu mwagula dzina labwino kwa apongozi a achemwali anu. Zikomo, taona, ndipo bowa unali wokoma. Koma mwagulira nsalu yathu. Theka lija linali lathu. Ine mkazi wanga akudikira biriwita."

"Phoso ndi la chakudya, ndipo mwadya. Malipiro anu mukalandira ku loja monga mwa masiku onse."

"Mwamva, anyamata? Mwana tamuphunzitsa tokha kuyenda, lero akutiwerengera malamulo." A Amisse analoza ndi chibwano kamtolo ka nsalu yamalonda. "Njira ilipo, yosavuta. Iyo yatsalayo. Tigawane pompano. Mukafika mukanene kuti inagwera mumtsinje powoloka. A Sudi safunsa mboni, inu mukudziwa bwino kuposa ine."

"Imeneyo ndi ya a Sudi."

"Ndiye mitoloyinso ndi ya a Sudi. Abwere adzanyamule."

Hezekiya anawayang'ana mmodzimmodzi. Awiri anaseka. Wachitatu anayang'ana kumbali.

Sanakanganenso. Anavula jekete la kaki, nalipinda bwinobwino. Anakulungamo nsalu yamalonda ija pamodzi ndi ambulera, n'kuzimangirira kumsana. Anazula udzu, naupota kukhala nkhata, naiika pamutu. Kenako anagwada pa mtolo wachisanu uja.

Mtolowo unakana kawiri. Kachitatu unakwera, khosi likulira. Chibadwire anali asananyamulepo phula.

"Pitani bwino, akapitawo!" anakuwa a Amisse. "Mukafika mukawauze a Sudi kuti inayi ikubwera yokha, yamera miyendo!"

Hezekiya anayamba kutsika. Madontho oyamba a mvula anagwa pamapewa ake opanda jekete. Kuseka kwa a Amisse kunamutsata mpaka pokhota njira, kenako kunazilala.

Atalowa m'nkhalango anamva mapazi kumbuyo kwake. Anali a munthu mmodzi, ndipo ankabwera mofulumira. Hezekiya anayesa kucheuka, koma mtolo unamukaniza khosi.

"Ndani?" anafunsa.

Anangomva kupuma kwa munthu wosenza mtolo wolemera. Mapazi aja anangoyandikira.